Yisiti Atafa ku Kandeu

Ndikupatsani moni inu amene mwatsegula tsamba lino, ndipo ndikuyamika Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, inu kumene muliko, ine kuno. Khalani pansi ndikufotokozereni zimene zinachitika ku Kandeu chaka china mvula itakhwima, pamene dzina la mayi wina wamasiye linatsala pang'ono kupondedwa m'matope.

Linali Loweruka m'mawa. Mvula inali itagwa mlungu wonse, mbatatesi za m'mapiri zili pa maluwa, nyengo imene matenda a chiwawu amapsereza masamba ngati moto wolusa. Sajeni Thandi Ngozo anaimika njinga yake yamoto pa kanyumba kamene kalabu ya alimi a mbatatesi imasungiramo katundu. Asanavule n'komwe chipewa, bambo wina wamtali, wa mawu ngati ng'oma, anali atayamba kale kufotokoza.

"Mwachita bwino kubwera, bwana. Ine ndine Goliati Maseko, wapampando wa kalabu ino. Nkhani ndi yaifupi, musavutike n'kukhala pansi. Thumba la kopa lasowa. Loko ali bwinobwino. Kiyi ndi mmodzi. Wosunga kiyi ndi uyo apo. Mutengeni basi."

Analoza ndi chibwano mayi wina amene anali atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, maso ofiira koma ouma.

"Bambo Maseko, amene mukuwalozawo ndi mayi a anthu," anatero Sajeni Thandi mosakweza mawu. "Munthu timamutenga tikadziwa chimene tikumutengera."

Anagwira lokoyo n'kumutembenuza. Sanakandike paliponse. Mkatimo munali mosesedwa bwino, masipuleya atapachikidwa pakhoma, ndipo pakona panali malo opanda fumbi pamene thumbalo linkakhala. Kopa ndi ufa wabuluu umene alimi amasungunula m'madzi n'kupopera mbatatesi kuti chiwawu chisagwire. Thumba limeneli anachita kusonkherana alimi onse a m'kalabu, ndipo popanda ilo minda yawo inali pangozi.

"Munaliona liti komaliza?"

"Lachitatu madzulo, ndi maso angawa. Dzulo m'mawa tabwera kuti tigawane, tapeza malo okhaokha. Pompo ndinalamula chipikisheni. Nyumba ndi nyumba, bwana, nkhokwe, makola, mpaka pansi pa mabedi. Ine sindigona pantchito."

"Munapeza chiyani?"

Goliati anakanda m'mutu. "Tinapeza poto wa akazi anga amene anasowa pamaliro chaka chatha. Koma kopa ayi."

"Kwa mayiwa munafikako?"

"Kawiri konse. Ndi ochenjera, anagulitsa kale. Akuluampingo anena kuti nkhaniyi ikapanda kuyera lero, mawa pa Mgonero asayandikire gome la Ambuye. Ndipo ine ndikuti Lolemba akaonekere ku boma."

Apa ndi pamene mayi aja anaweramitsa mutu. Za ku boma sizinawagwedeze. Chimene chinawalasa ndi za gomezo.

* * *

Dzina lawo linali Sellina, koma ambiri ankati amake Mervis. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo chilowereni mumpingo ali mtsikana anali asanajombepo pa Mgonero. Sajeni Thandi anabalalitsa anthu oonerera n'kukhala nawo pansi pakhondepo.

"Mayi, kiyi amakhala pati?"

Anaonetsa mfundo pansonga ya chitenje. "Pano, mwana wanga. Ndikamagona chitenjechi chimakhala kumutu."

"Lachinayi munali kuti?"

"M'mawa kumunda, kukwezera mbatatesi. Masana ku Mvano, kutchalitchi."

Sajeni Thandi anakulira m'nyumba ya mayi wa Mvano. Ali mwana, Lachinayi lililonse ankasita bulauzi woyera ndi duku ndi simbi ya makala, ndipo ankadziwa kuti kumeneko sapitako chisawawa.

"Ku Mvano ndi chitenje chamatope cha kumunda? Mayi anga akanakubwezerani pakhomo."

Mayi Sellina anamwetulira pang'ono. "Ayi, ndinavala yunifomu."

"Kwanu ndamva kuti n'kuseri kwa phiri. Munasinthira kuti?"

Mayi Sellina anagwira mfundo ija ya pachitenje. Sajeni anafunsanso.

"Kiyi munamusamutsira pa chitenje cha Mvano?"

"Belu linali likulira. Ndinachedwa kumunda, ndiye ndinangovala n'kuthamanga."

"Ndiye kuti chitenje chokhala ndi kiyi chinaswera m'nyumba ya munthu masana onse. Nyumba ya yani?"

"Mwana wanga, ndilibe umboni. Sindingatenge nyumba imene ndimamwamo madzi n'kuiponya m'kamwa mwa anthu. Bola anene ine. Mulungu akuona."

"Akuonadi," anatero Sajeni Thandi akuimirira, "koma lero wandituma kuti nane ndione."

Sanawaumirize. Anangofunsa mayi wogulitsa tomato pamsewu kuti amayi a Mvano ochokera kutali amasinthira kuti zovala. Mayiyo analoza nyumba yoyang'anizana ndi tchalitchi, imene kuseri kwake kunkafuka utsi.

* * *

Inali nyumba ya mayi Dailes, ophika buledi ndi masikono, munthu wathupi, wansangala, wolankhula ngati wailesi yatsopano mabatire. Sajeni anawapeza pa uvuni wa njerwa atanyamula thileyi.

"Bwana, mwafika nthawi yabwino, mumange yisitiyu! Taonani izi. Awa ndi masikono kapena miyala yogendera anyani? Galu wanunkhiza n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana. Ine ndinaluma limodzi, m'kamwa ngati ndatafuna msomali, ndinalavula."

"Zayamba liti?"

"Dzulo masana. Ndinati mwina yisiti wakalamba, ndinakagula paketi yatsopano kugolosale. Lero m'mawa chimodzimodzi. Ine yisiti ndimayamba ndamudzutsa, madzi ofunda, kashuga pang'ono, ndiye amachita thovu mpaka kusefukira. Koma dzulo ndi lero ali zii ngati kumanda. Ndiye mawa Mgonero! Buledi wa Mgonero ndimaphika ine chaka ndi chaka. Ndikaika chiyani m'mbale za Ambuye, zigumu?"

"Lachinayi mayi Sellina anasinthira pano?"

"Monga mwa nthawi zonse. Asisi anga amenewo. Chitenje anapachika pachingwe m'chipindamo, tinapitira limodzi, tinabwerera limodzi. Amenewo kuba? Akatola singano pamsewu amakalengeza m'tchalitchi. A Goliati ndi anyamata awo anabwera dzulo, anagudubuza nyumba yonse, mpaka kusuzumira mu uvuni. Anangochoka ndi mwaye kumaso."

"Lachinayi pakhomo panatsala ndani?"

"Panalibe munthu. Mwana wathu Tisunge ali kusekondale yogonera konko. Bambo ake anapita ku Champiti kukayezetsa malungo. Awo akubwera apowo."

Pachipata panalowa bambo wowonda akukankha njinga imene anamangapo zigubu ziwiri za madzi. Mayi Dailes anawomba m'manja.

"Mukuona chozizwitsa, bwana? Chikwatirane sanagwirepo ndowa. Chiyambire dzulo akutunga okha madzi kumjigo, ati a mumgolo tizingochapira. Malungo amenewa asachire msanga!"

Bamboyo anali a Chrispine, okonza njinga pamsika, munthu wolankhula ngati akusunga mawu ena kuti adzagwiritse ntchito mawa. Anavula chipewa n'kupereka moni.

"Lachinayi munapita ku Champiti?" anafunsa Sajeni.

"Ndinapita."

"Nthawi yanji?"

"Awa atangotuluka."

"Munabwerako?"

"Mvula itakata."

"Malungo anakupezani nawo?"

"Ayi."

"Muli m'kalabu ya mbatatesi?"

"Ndinalimo."

"Anakangana ndi a Goliati pa chisankho," analowererapo mayi Dailes. "Awa anatuluka, awo analumbira kuti sadzawalembanso. Amuna ndi mitima yawo, bwana, ngati atambala awiri m'khola limodzi."

Sajeni Thandi anamva ludzu. Pakona ya nyumba panali mgolo waukulu wapulasitiki wabuluu, wodzaza ndi madzi otsika padenga. Anatenga kapu imene inali pawindo n'kulunjika kumeneko.

"Musamwe amenewo, bwana!" anatero a Chrispine msangamsanga. "Ndi a padenga, malata athu achita dzimbiri, angakupwetekeni m'mimba. Imwani awa a pamjigo, ndangotunga kumene."

Amenewo anali mawu ambiri kuposa onse amene anali atalankhula chifikireni. Sajeni anathokoza, anamwa a pamjigowo, kenaka anakweza maso kudenga. Malatawo anali atsopano, akunyezimira ngati galasi.

* * *

Alangizi a zaulimi a dera limenelo, a Nathan, anawapeza kumtunda m'munda wa munthu, atavala majombo, akutembenuza masamba a mbatatesi limodzilimodzi. Anali munthu wokonda kuphunzitsa. Ukawafunsa nthawi ankayamba n'kukufotokozera za dzuwa.

"Chiwawu chafika, Sajeni, ndipo sichiyembekezera kuti mlandu uthe. Kopayo akapanda kupezeka mlungu uno, anthu akumba timbatatesi ngati mazira a njiwa."

"Alipo amene wapopera kale?"

"A m'kalabu ayi, akudikira thumba lomwelo. Amene ndaona ndi a Chrispine okha. Munda wawo ndi umene unayamba kugwidwa, unali utada kumunsi konse. Mlungu watha anakapempha kopa kwa a Goliati, ati angobwereka, anawabweza pamaso pa anthu. Koma dzulo m'mawa ndikudutsa, ndapeza masamba onse ali buluu. Ndinati agula ku boma, Mulungu wawathandiza."

"Iwo akuti Lachinayi anali ku Champiti."

A Nathan anaseka. "Anauluka? Lachinayi masana ine ndinanyamuka ulendo womwewo, ndinali ndi msonkhano wa alimi. Mtsinje unali utakwera pamwamba pa mlatho, mitengo ikuyandama. Tonse tinabwerera. Palibe anawoloka mpaka kunja kutacha."

Sajeni Thandi anaisinkhasinkha nkhaniyo. Munthu anali atamupeza, koma katundu analibe. Masamba abuluu si umboni, pakuti kopa amagulitsidwa m'sitolo iliyonse ya zaulimi, ndipo kunama za ulendo si kuba. Popanda thumbalo, mayi Sellina anali akadali pansi pa mlandu.

"Alangizi, kopayu amachita chiyani kwenikweni pa tsambapo?"

"Eya, funso labwino! Chiwawu si kupsa ndi dzuwa monga ena amaganizira. Ndi tizamoyo tating'onoting'ono tofanana ndi nkhungu ija imamera pa chimanga chonyowa. M'mankhwalamu muli mkuwa, chitsulo chomwe chija cha mawaya a magetsi. Mkuwa ukalowa mwa tizamoyoti wambiri, umawononga mkati mwake, timalephera kudya, timalephera kuswana, basi tafa."

"Nanga yisiti wophikira buledi?"

"Ameneyonso ndi wamoyo, Sajeni, ndi wa mtundu wa nkhungu ndi bowa. Amadya shuga n'kutulutsa mpweya, mpweyawo ndi umene umatupitsa ufa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mkuwa amaufuna ndithu. Popanda kamkuwa pang'ono sapuma bwino, amakula monyentchera. Koma kamene amafuna n'kochepa zedi, kosaoneka ndi maso, amakapeza mu ufa momwemo. Zili ngati mchere m'ndiwo: kambande kamodzi kamakometsa, ukakhuthuliramo paketi yonse wataya ndiwo. Yisiti mukamuika m'madzi a kopa sadzukanso. Bwanji, mwayamba bizinesi ya mandasi?"

Sajeni anali ataliza kale njinga yake.

"Kwerani, alangizi. Pali mboni ina imene yafa dzulo, ikufunika munthu woilankhulira."

* * *

Dzuwa litapendeka, pabwalo la mayi Dailes panali anthu asanu kuwonjezera pa Sajeni: eni nyumba awiriwo, a Nathan, a Goliati, ndi mayi Sellina amene anakhala patali pang'ono, pa mkeka. A Chrispine anali atagwada pafupi ndi njinga yawo, akumanga tcheni chimene sichinali chomasuka.

"Mayi, ndibwerekeni makapu awiri oyera, shuga, ndi paketi ija ya yisiti," anatero Sajeni Thandi.

"Bwana, ife tabwerera mlandu wa kopa, osati maphunziro a zophikaphika," anadandaula a Goliati. "Ine ndasiya ng'ombe zili m'khola."

"Zidya mochedwa lero, bambo Maseko. Mayi Dailes, yisiti wanu mumamudzutsira madzi ati?"

"A mumgolomo, nanga n'kufunsa? Madzi a mvula ndi ofewa, buledi wake amakoma. A pamjigo ali ndi kamchere."

Sipanala inagwa m'manja mwa a Chrispine.

"Amake Tisunge, si ndinati a mumgolo muzingochapira?"

"Munatero, bambo, ndipo ndinamva. Koma za buledi mwazidziwira kuti inu? Ndimatunga mukapita kumsika."

Nkhope ya a Chrispine inatuwa ngati phulusa. Sajeni anaziona zimenezo. Anatunga madzi a mumgolo n'kuwafunditsa pamoto, anafunditsanso a pamjigo m'poto wina. Anathira awa m'kapu iyi, awo m'kapu iyo, supuni ya shuga uku, supuni ya shuga uko, yisiti wa paketi imodzimodziyo monsemo. Anaika makapuwo pa mpando pakati pa bwalo.

"Tiyeni tidikire."

Anadikira. Nkhuku inadutsa ikuyang'ana cham'mbali. Mayi Sellina anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi, ija amayi amaimba akamaperekeza odwala. A Goliati anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anatsokomola.

Kapu ya madzi a pamjigo inayamba kuchita timaso m'mbali. Timasoto tinachuluka, thovu linakwera pang'onopang'ono mpaka linafika pamlomo wa kapu, ndipo fungo lija la buledi wosaphika linamveka pabwalo ponse.

"Wadzuka!" anafuula mayi Dailes. "Mwana wanga wadzuka! Ndiye sanali wakufa?"

Kapu inayo inali zii. Yisiti anali atamira pansi ngati mchenga. Sajeni anainyamula n'kuipendeketsa padzuwa, ndipo m'mbali mwa kapu yoyerayo madziwo ankaoneka obiriwira pang'ono.

"Mgolo wanu ndi wabuluu, beseni lanu ndi labuluu, kukhitchini kuli mdima," anatero. "Simukanaona. Alangizi, auzeni chimene chimapha yisiti chotere."

"Mkuwa," anatero a Nathan, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anathera pomwepo.

"Bambo Maseko, dzulo munafufuza pansi pa mabedi ndi mu uvuni. Ufa saubisa m'madzi, ndiye mgolo munangoudutsa. Wobisayo anadziwa zimenezo. Tagwirani mbali iyo tiukhuthule."

A Goliati anapinda malaya n'kugwira mgolo uja.

"Musakhuthulire pansi!" A Chrispine anali ataimirira. "Madziwo atsetserekera kuchitsime cha anthu kumunsiku. Nkhuku zimwanso. Siyani, nditulutsa ndekha."

Anapita kuseri kwa mgolowo n'kukoka kachingwe kakuda kamene kanabisika pansi pa mlomo wake. Kunatuluka chimtolo chokulungidwa m'majumbo ambirimbiri, chomangiriridwa ku mwala. Pansi pake, pamene mwalawo unakhula, panali pong'ambika, ndipo pankadontha madzi abuluu ngati inki.

Kenaka a Chrispine analankhula, maso ali pansi.

"Munda unkandithera m'maso. Ndinakapempha, anandiseka. Lachinayi ndinaona chitenje pachingwe, mfundo ikuoneka. Mvula inali yamphamvu, pamsewu panalibe munthu. Ndinati nditapako pang'ono chabe, koma nditafika ndinanyamula lonse. Kiyi ndinabwezera. Dzulo ndikuchokera kopopera ndinamva za chipikisheni, ndiye ndinamiza m'menemu. Ndinkati majumbowo salowa madzi."

"Nanga mutamva kuti akuloza mayi Sellina?" anafunsa Sajeni.

"Ndinati zizizira zokha."

"Mfundo ija ndinaidziwa," anatero mayi Sellina ali pamkeka paja. "Ine ndimamanga yachikazi, yokoka kamodzi. Ndinapeza yomangira katundu panjinga."

"Asisi!" Mayi Dailes anatembenuka. "Munadziwa, osandiuza?"

"Ndikanakuuzani chiyani, asisi? Kuti amuna anu? Nanga ndikanakhala kuti ndalakwitsa?"

Mayi Dailes anayang'ana chimtolo chija, anayang'ana kapu yakufayo. Anakhala pansi pafumbi, manja ali kumutu.

"Bambo a Tisunge, madzi amenewa ndikanakandira buledi wa Mgonero. Mpingo wonse. Agogo aja amabwera ndi ndodo, amayi oyembekezera, abusa. Ine ndi manja angawa ndikanawagawira."

"Akanatupa, mukanapita naye," anatero a Nathan. "Yisiti ndiye wakana."

Abale anga, Malemba amatiphunzitsa kuti Mulungu amasankha zinthu zazing'ono ndi zonyozeka kuti agwire nazo ntchito yake. Tsiku limenelo sanatume mngelo. Analola kanthu kosaoneka ndi maso kafe m'beseni kawiri konse, kuti nkhosa zake zisadye choipa pa gome lake, ndi kuti mayi wosalakwa asachotsedwe pagomepo.

* * *

Sajeni Thandi anauza a Chrispine kuti atenge jekete, akalembetse mawu awo kupolisi. Sanawamange unyolo. Anauza a Nathan kuti asamalire madzi a mumgolowo, ndipo iwo anati palibe dontho litayike, onse alowa m'masipuleya. Mgolowo anati usadzasungirenso madzi akumwa kapena ophikira. Ufa wotsala m'thumbamo unali wonyowa m'mbali, koma wambiri unali wogwira ntchito.

A Goliati anazungulirazungulira, kenaka anavula chipewa n'kunjuta pamaso pa mayi Sellina. Mawu aja a ng'oma anali atachepa.

"Amake Mervis, ine pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Mundikhululukire. Ndipita ndekha kwa akuluampingo, ndipo mawa ndiimirira m'tchalitchi ndinene."

"Ndamva, bambo. Koma ndili ndi pempho."

"Nenani, chilichonse."

"Mukamapopera ulendo wachiwiri, musadumphe munda wa pakhomo pano."

"Munda wa wakuba?" Ng'oma ija inabwerera. "Mayi, ndiye tikuphunzitsa anthu chiyani?"

"Mlandu wawo akayankha okha kumene akupitako. Koma mbatatesizo adya ndi asisiwa ndi Tisunge, amene sanabe kanthu. Ndipo munthu atabwera kudzapempha mukanamupatsa kambale kamodzi, bwenzi lero ng'ombe zanu zili kubusa."

A Goliati anayang'ana kwa Sajeni ngati akufuna thandizo. Sajeni anali akumanga chipewa chake.

"Musandiyang'ane ine, bambo Maseko. Mwanena nokha kuti chilichonse."

"Chabwino," anatero a Goliati akupukusa mutu. "Koma sipuleya ndinyamula ine ndemwe, asamati Maseko anakakamizidwa."

Njinga yamoto itazimiririka ndi a Chrispine kumbuyo, mayi Dailes anali akadali pansi. Kapu ija ya madzi a pamjigo inali itasefukira, thovu likutsikira pampando. Dzuwa linali likupita, ndipo buledi wa Mgonero kunalibe.

"Asisi, dzukani," anatero mayi Sellina. "Ufa ulipo?"

"Ulipo. Koma ndiyang'ana bwanji anthu mawa?"

"Muwayang'ana muli pambali panga. Bweretsani beseni lina, lija lachitsulo, labuluulo lisiyeni."

Anasamba m'manja ndi madzi a pamjigo mpaka m'zigongono, anamanga bwino chitenje chija chokhala ndi kiyi, n'kuyamba kukanda. Poyamba mayi Dailes ankangoyang'ana. Kenaka anapukuta misozi.

"Osati choncho, asisi, mukukanda ngati mukukwezera mbatatesi. Tasunthani."

Anakanda onse awiri m'beseni limodzi, anavundikira ndi nsalu yoyera n'kuika pafupi ndi uvuni. Pamene amamaliza kusonkha moto, nsaluyo inali itakwera ngati chulu.

M'mawa mwake belu litalira, amayi awiri ovala zoyera anatuluka m'nyumba yoyang'anizana ndi tchalitchi, wina atasenza dengu la buledi, wina atamugwira mkono. A Goliati anaimirira pamaso pa mpingo monga analonjezera, ndipo aka kanali koyamba anthu a kumbuyo kupempha kuti akweze mawu. Mbale itafika pa mayi Sellina, anatenga kachidutswa kawo ndi manja awiri, anatseka maso, ndipo milomo yawo inkayenda. Mayi Dailes, amene anali pambali pawo, anamva dzina limene ankalitchula m'pempherolo. Linali la a Chrispine.

Inu amene mwawerenga kufikira pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Atchinjirize dzina lanu pamene simungathe kudziyankhira nokha, ayeretse madzi a pakhomo panu, ndipo chimene manja anu akanda m'choonadi achitupitse, chikwanire inu ndi a pakhomo loyandikana nalo. Amen.